Amene Anati Odi ku Copenhagen

Inu amene mumanena kuti Elube sangatseke pakamwa ngakhale ali m'tulo, lero ndikuuzeni. Ndinakhalapo chete tsiku lathunthu ndi theka, osalankhula ndi munthu wamoyo ngakhale mmodzi. Si matenda ayi, anali mantha. Sunthani pafupi. Koma zimene ndikuuzenizi musakazifikitse kwa alamu anga a Dorika, chifukwa eni akewo mpaka lero sadziwa zonse.

Paja a Dorika ndi akazi a achimwene anga a Fanuwelo. Mwana wawo Ndaziona, nesi uja, anakwatiwa ndi mzungu wa ku Denmark, wamtali ngati pholo la magetsi, wosadziwa n'kugwada komwe. Ukwati unachitika mu Disembala, mwana n'kubadwa mu Meyi. Werengani nokha miyezi, ine sindinanene kanthu. Ndiye Ndaziona anaitana amayi ake kuti akaone mdzukulu, ndipo popeza a Dorika amaopa ngakhale masitepe oyenda okha aja, ine ndinasiya benchi langa la kaunjika ku Mchesi n'kupita ngati woperekeza.

Tinakhala masabata atatu m'katauni komwe iwo amakhala. Kutatsala masiku atatu kuti tibwerere, Ndaziona anati, "Amayi, azakhali, simungachoke musanaone likulu la dziko lino. Tiyeni ku Copenhagen, mukalawe zakudya zawo, mukaone mmene amakhalira. Ndege yanu mukakwerera komweko Lachinayi."

Mwana tinamusiya ndi bambo ake. Tinapita atatu basi. Gwirani nambala imeneyi, atatu.

Tinabwereka nyumba yakalekale, pamwamba penipeni, masitepe ake a matabwa olira kwe, kwe, ngati akudandaula. Unali mwezi wa Novembala. Kuno dzuwa likuswa mtengo, kumeneko limatuluka mochedwa ngati munthu wokakamizidwa ganyu, ndipo ikangokwana folo koloko masana mdima uli bii. Nkhuku ya kuno itapita kumeneko ikhoza kupenga.

Tsiku loyamba linali la kuseka. Anthu onse ali pa njinga, abale. Mabwana a mataye pa njinga, azimayi oyembekezera pa njinga, nkhalamba za imvi pa njinga. Tinaona nyumba zopentedwa ngati zitenje m'mbali mwa madzi, tinajambulitsa. Kenako Ndaziona anatilowetsa m'malo odyera n'kutiitanitsira chakudya chimene amati ndi cha ulemu. Buledi wakuda ngati dothi la kudambo, pamwamba nsomba yaiwisi yoviika mu viniga, ndi anyezi wosakazinga.

A Dorika anaiyang'ana nsombayo, n'kuyang'ana mwana wawo. "Ndaziona, kodi kukhitchiniko moto wathima?"

"Amayi, ndi mmene amadyera."

"Adye okha. Ine si mphaka."

Anatipatsanso maswiti akuda amchere, ine n'kulavulira m'chikwama mwaulemu. Koma mabanzi awo a sinamoni, amenewo sindinama, ndinadya anayi.

Tsiku lachiwiri, Lachiwiri lomwe, Ndaziona anagula mabanzi omwewo ndi khofi n'kunena kuti tikadyere pamalo ena abata. Tinalowa pachipata, mkatimo mitengo italiitali, tinjira tosesa bwino. Ena akuthamanga, ena akukankha makanda m'tingolo. Tinakhala pabenchi n'kuyamba kudya. Cha uko mnyamata ndi mtsikana anali atakolekerana milomo masanasana, ndiye ine ndinatembenuka kuti ndiwaone bwino, ndidzakuuzeni. Ndi pamene maso anga anagwera pa mwala umene unali kuseri kwa benchi lathu. Unali ndi dzina ndi zaka. Pambali pake wina. Kutsogolo wina.

Ndinadumpha pabenchipo.

"Ndaziona! Ano ndi manda!"

"Eya, azakhali. Kuno manda ndi malo opumirako. Anthu amadzawerenga mabuku, amadzadya."

A Dorika analavula zonse. "Iwe mwana iwe! Watilowetsa kumanda osapempha eni ake? Watidyetsa pamutu pa akufa? Nanga potuluka tisamba kuti m'manja?"

Ndaziona anangoseka, akuti amayi ake ndi achimidzi. Tinanyamuka kuti tizituluka. Tsono ine mukundidziwa, ndinalekezera Sitandade 6 koma chilichonse cholembedwa ndimafuna ndichiwerenge. Ndinkapita ndikuwerenga mayina ovuta aja n'kumaseka. Pakona, pafupi ndi khoma, panali kamwala kakang'ono kopendekeka, ka ndere, kopanda duwa ngakhale limodzi. Ndinawerama.

JAILOSI MKWAPATIRA. 1936–1971. MALAWI.

Pansi pake panali mawu ena a chilankhulo chawo. Ndaziona anati akutanthauza wophika wa m'sitima ya pamadzi.

Apa ndi pamene pakamwa panga panandigulitsa. M'malo momva chisoni, ine ndinaomba m'manja n'kuseka.

"Aa, a Mkwapatira! Mtchona weniweni uyu! Anzanu anatchona ku Joni ndi ku Halale, inu mpaka kuno? Munathawa chiyani kumudzi, mimba ya eni ake? Dzukani tizipita kwathu, ife ndege yathu ndi ya Lachinayi!"

A Dorika ananditsina pamkono. "Alamu! Pakamwa panupo padzakuphetsani."

Tisanayende n'komwe, kumbuyo kwathu kunalira belu la njinga. Ngili, ngili. Tonse atatu tinapatuka kuti idutse. Tinadikira. Sipanadutse kanthu. Kanjira konse kanali mbee, masamba okha akugwa.

"Ili kuseri kwa khoma," anatero Ndaziona. Koma anayamba kuyenda mofulumira.

Kuyambira pamenepo zinthu zinayamba kupendekeka pang'onopang'ono. Pamlatho tinakumana ndi mdala wina wachizungu ali ndi galu. Galuyo anakana kutidutsa, anangokhala pansi n'kumalira chapansipansi. Mdalayo anavula chipewa n'kupereka moni, koma maso ake sanali pa ife, anali pambali panga pomwe panalibe munthu. Titalowa m'malo ena kuti timwe supu, mtsikana woperekera zakudya anabweretsa mbale zinayi ndi masipuni anayi. Ndaziona anamuuza kuti tilipo atatu. Mtsikanayo anayang'ana kumbuyo kwanga, n'kuyang'ananso, nkhope yake n'kufiira. Anachotsa mbale imodzi, koma mpando wachinayi anausiya uli chikokere.

M'chikwama changa munali banzi limodzi limene ndinasunga. Titafika kunyumba ndinapeza pepala lokha, lopindidwa bwinobwino ngati mmene amachitira munthu waulemu.

Inali cha m'ma faifi, koma kunja kuli mdima ngati pakati pa usiku. Ndaziona anatsika kukagula mkaka. Ine ndinali kubafa, a Dorika ali pampando pabalaza, mapazi ataviika m'beseni la madzi otentha. Ndiye ndinamva masitepe aja. Kwe. Kwe. Kwe. Pang'onopang'ono, ngati munthu amene wanyamula chinthu cholemera. Anafika pakhomo pathu n'kusiya.

"Odi kuno."

Mawu achimuna, otsika, aulemu, ngati a madala akale a kumudzi.

Inu mukudziwa mmene tinakulira. Munthu akati odi, pakamwa pamayankha pokha mutu usanaganize. A Dorika anangoti, "Eee, lowani!"

Kenako zii.

Ine ndili ndi sopo kumaso ndinafunsa, "Ndani ameneyo, alamu?"

Ndi pamene mutu wanga unayamba kugwira ntchito. Ku Copenhagen ndani angati odi? Azungu amagogoda kapena kuliza belu. Ndiponso chitseko cha pansi chimatsegulidwa ndi manambala amene ankawadziwa Ndaziona yekha.

Ndinatuluka nditadzikulunga chitenje. Chitseko chinali chitsekere, kiyi ali mkati. Koma m'nyumba monse munali kuzizira kolowa m'mafupa, ndi fungo la madzi a m'nyanja losakanikirana ndi la fodya wa chingambwe. Pansi, pa matabwa, panali mzere wonyowa, wopyapyala ngati wa tayala la njinga, kuchokera pachitseko mpaka pampando wa a Dorika.

Iwo anali atachotsa mapazi m'beseni. Anali atakhala motangadza miyendo, zigongono pamaondo, mmene amakhalira amuna pabwalo. A Dorika, mayi wa Mvano, amene sakhala pansi osakonza chitenje! Anadzutsa mutu pang'onopang'ono.

"Mwati Lachinayi, mayi?"

Pakamwa panali pawo, koma mawu sanali awo. Ndipo zaka makumi atatu a Dorika sananditchulepo mayi. Ndine alamu.

Ndaziona atabwera anandipeza nditakakamira kukhoma ngati buluzi. Amayi ake anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kundifunsa, "Mwana wa yani uyu?"

Ndaziona unesi unamugwira. Anawagwira pamkono, anawayang'ana m'maso, akuti mwina ndi BP, mwina sitiroko, tiitane ambulansi. Ali pakati potenga foni, a Dorika anamulankhula. Osati m'Chichewa. M'chilankhulo cha kumeneko, chija chomveka ngati munthu ali ndi mbatata yotentha m'kamwa. A Dorika amene ngakhale Chingerezi amangodziwa yesi ndi no.

Foni inagwa pansi.

"Akuti chiyani, Ndaziona?"

Mwana uja anandimasulira. "Akuti ndisavutike ndi madokotala. Akuti akhala zaka zoposa makumi asanu akumvetsera mapazi a anthu odutsa, kudikira wina wolankhula chakwathu. Akuti inu munawaitana, amayi n'kuwalowetsa."

Lachitatu lonse sitinatuluke. Tiyi anamukana, mabanzi anawakana. Ndaziona atabweretsa nsomba yaiwisi ija, anaidya yonse n'kunyambita zala. Thupi lawo linali lozizira ngati botolo la m'firiji, ngakhale tinawafunditsa mabulangete atatu. Nthawi zina maso ankabwerera kukhala awo, n'kunong'ona ndi mawu awo enieni, aang'ono ngati ochokera pansi pa chitsime.

"Alamu, ndikuzizidwa. Ndili kutali, alamu. Sindikuona njira."

M'mawa analankhula choncho kanayi. Masana kawiri. Pofika madzulo kamodzi kokha, ndipo movutikira. Ndinaona ndi maso anga kuti alamu anga akutha ngati sopo m'madzi, ndipo tikachedwa, ku Malawi tikafika ndi thupi lawo lokha, mkatimo muli munthu wina. Ndikanakawauza chiyani achimwene anga? Kuti akazi anu ndinawasinthanitsa ndi nthabwala?

Ndinagwada patsogolo pa mpando uja, ine Elube amene sindigwadira ngakhale a tcheya a msika.

"Bambo, pepani, ndinalankhula mopusa. Kwanu ndi kuti?"

"Ku Ntcheu. Kupitirira pa Bawi, mudzi wa Chimkwita. Mukafunse kwa Nangozo, mkazi wanga."

"Tikakufikitsani, muwasiya alamu angawa?"

"Akandilandira."

"Nanga akapanda kukulandirani?"

Anangoyang'ana pawindo.

Ndinakumbuka zimene amayi anga anachita ndili kamtsikana, amalume atafera mu mgodi ku Joni. Mtembo sunabwere, kunabwera kadothi ka pamanda, ndipo amayi ndi amene anakakatenga kudepoti. Lamulo lake ndi ili. Wonyamula dothi amauza mwini wake njira yonse, tikukwera apa, tikuwoloka apa. Koma salankhula ndi munthu wamoyo, ndipo sacheuka, mpaka wakufayo atalandiridwa pakhomo pake. Ukangoyankha munthu panjira, iye amatsikira pomwepo, n'kukhazikika mwa amene wamugwira.

Ndaziona, yemwe uja ankati ndife achimidzi, sanatsutse ngakhale liwu limodzi. Analemba kapepala m'Chingerezi konena kuti mayi uyu salankhula, n'kundipachika pakhosi. Ine! Anaimbiranso bambo ake kuti akatidikire ku bwalo la ndege ndi galimoto, asakafunse zambiri.

Lachinayi m'mawa tinabwerera kumanda kuja. Ndinavula nsapato pachipata, chisanu chikundiluma mapazi, azungu othamanga akundiyang'ana. Ndinagwada pa kamwala kaja, ndinaomba m'manja katatu, ndinatapa kadothi n'kumanga pakona ya duku langa.

"A Mkwapatira, nyamukani. Tikupita kwanu."

Ngili, ngili, kumbuyo kwanga. Sindinacheuke.

Kuyambira pamenepo pakamwa panga panali pa munthu mmodzi yekha. "Tikukwera sitima ya pamtunda, bambo." "Tikulowa m'ndege, musaope." Ndaziona potsanzikana anandikumbatira akulira, "Azakhali, mundisamalire amayi," ine osamuyankha, misozi ili chuchuchu. A Dorika ankanditsata pambuyo, atagwira nsonga ya chitenje changa. M'ndege, wotipatsa zakudya anaika mathireyi atatu pamipando yathu iwiri, kenako n'kuima akudzikanda m'mutu.

Choopsa chenicheni chinandipeza pabwalo lina pomwe tinasinthira ndege m'bandakucha. Tikuyenda mu khonde lalitali, ndinamva dzanja lija lasiya chitenje changa. Kenako mawu a a Dorika, awo enieni, akulira.

"Alamu, ndagwa. Tacheukani. Mwandikwiyira kodi? Alamu, tandiyankhani, ndine Dorika."

Khosi langa linayamba kutembenuka lokha. Ndinaligwira ndi manja awiri. Kodi anali iwo? Kodi anali a Mkwapatira, akundiyesa? Sindikudziwa mpaka lero. Ndinangoima, maso kutsogolo, n'kunong'oneza duku langa, "Bambo, sitinafike. Kuno si kwanu."

Ndiye ndinamva ena. Poyamba mmodzi, kenako ambiri, kumbuyo kwanga konse, amuna, akazi, mawu otopa ngati a anthu amene aima pamzere zaka zambiri.

"Odi, mayi."

"Odi. Nafenso ndife a konko."

"Odi, mayi, ine wa ku Dedza."

Ndinaluma lilime mpaka ndinamva magazi. Paja ndinakuuzani, pakamwa pathu pamayankha pokha. Liwu loti lowani linafika pamano penipeni. Ndinalimeza. Patapita nthawi imene sindingaiwerenge, dzanja lozizira linagwiranso chitenje changa, ndipo tinapitirira.

Ku Lilongwe tinatera Lachisanu masana. A Fanuwelo ataona akazi awo akuyenda chotangadza ngati mwamuna, osawapatsa n'moni womwe, nkhope yawo inagwa. M'galimoto anayesa kundilankhulitsa, mwina pofuna kudzilimbitsa mtima.

"Elube, wamva kuti mkazi wa a tcheya anathawa ndi telala wa pakona uja?"

Abale, nkhani imene ndinainunkhiza ine ndekha chaka chathachi! Ndinangotseka maso n'kunena, "Tikuwoloka Linthipe, bambo."

A Fanuwelo anangoponda moto mpaka ku Ntcheu.

Tinafika kwa Chimkwita dzuwa litapendeka. Achimwene ndi amene ankafunsa njira. Anatilozera kanyumba ka njerwa zosawotcha kumapeto kwa mudzi. Pakhonde panali gogo wowonda ngati bango, maso oyera ndi ng'ala, akutonola chimanga m'lichero. Ndinaima pabwalo, a Dorika kumbuyo kwanga. Odi sindikanatha kunena ine, si ine mlendo wake.

Odiyo anachokera kumbuyo kwanga, pakamwa pa a Dorika. "Odi kuno."

Manja a gogo uja anaima. Chitsononkho chinagwa.

"Jailosi," anatero. Sanafunse, anangotchula.

"Ndine, Nangozo."

"Unachoka ine ndili ndi pakati pa miyezi isanu. Unati ukupita ku Joni chaka chimodzi. Ndinakuuza chiyani pa mtengo wa mango paja?"

"Unati ndisadzabwere wopanda njinga."

"Anzako onse anabwera nazo. Ine ndinakana amuna atatu. Mwana wako ndinamuika m'manda ndekha, ali ndi imvi kale." Gogoyo anadzutsa chibwano. Sanati lowani. "Ili kuti njingayo?"

Ndinamva a Dorika akupuma movutikira kumbuyo kwanga, ngati mpweya ukutha. Ndinkafuna kukuwa kuti agogo, chonde, mukhululukireni, muli moyo wa munthu apa! Koma gogoyo anali wamoyo, sindikanamulankhula. Ndinangogwira mfundo ya duku ija, thukuta lili kamukamu.

Ndiye pabwalo pomwepo, pakati pa ine ndi khonde, pomwe panali fumbi lokha ndi nkhuku imodzi, panalira belu.

Ngili, ngili.

Nkhuku inathawa. A Fanuwelo anakhala pansi m'fumbi. Gogo uja anatchera khutu, kenako anayamba kuseka, kuseka kopanda mano, misozi ikutsika m'makwinya.

"Chitsiru iwe. Zaka zonsezi." Anasuntha lichero kuti pakhale malo pamphasa. "Lowa. Wachedwa."

Kumbuyo kwanga kunamveka thi! Apo ndiye ndinacheuka. A Dorika anali pansi, thupi likutentha ngati wa malungo. Anatsegula maso, anakoka chitenje n'kuphimba maondo msangamsanga.

"Alamu, tili kuti kuno? Ndaziona wabwera nawo mkaka uja?"

Ndinamasula kadothi kaja n'kuika m'manja mwa gogo. Kenako ndinalira, ndinalankhula, ndinalankhula, moti a Fanuwelo akuti mpaka ku Lilongwe sindinapume.

A Nangozo anamwalira patapita sabata imodzi. Amene anapita kumaliro akuti kuchokera pakhomo mpaka kumanda panali mzere wa tayala la njinga, pomwe m'mudzimo tsiku limenelo palibe anakwera njinga. A Dorika ali bwinobwino, akungodziwa kuti anadwala BP paulendo. Chokhacho, akamadutsa pa nsomba zaziwisi kumsika amameza mate, n'kumadabwa okha.

Koma aja a mu khonde lalitali la pabwalo la ndege aja anandimva ndikulankhula ndi mnzawo. Akudziwa kuti ku Mchesi kuli mayi amene amafikitsa anthu kwawo. Mwezi wathawu, masana dzuwa lili pamutu, ndikuchapa kuseri, ndinamva pageti, "Odi, mayi." Ndinasuzumira pansi pa geti. Panalibe mapazi.

Ndiye inu anzanga, musamati Elube wayamba kunyada chibwerere ku Ulaya. Mukabwera kwathu, gogodani, mutchule dzina lanu ndi la amuna anu. Odi ndinasiya kuyankha.